Maliro amene tinalira mochedwa

Ku Angónia kuno, ku Mozambique, mukamva anthu akutama mayi wina kuti ndi wolimba mtima, pamaliro sagwetsa msozi, muyambe mwafunsa chaka chimene anabadwa. Ngati ndi wa m'ma 1970 ngati ine, nthawi zambiri kumeneko si kulimba mtima ayi. Ndi munthu amene anatsekeka ali mwana, nkhondo ya pachiweniweni ili mkati, ndipo palibe anabwera kudzamutsegulira. Ine ndinatamidwa choncho kwa zaka zambiri, ku mphakati, kuchibale kwa amuna anga, ndi kumsika komwe. Ndipo tilipo ambiri, ku Domwe, ku Tsangano, ku Furancungo mpaka ku Chifunde, amene nkhondo itatha tinabwerera kumudzi ndi thupi lokha.

Ndinabadwira m'mudzi wina kufupi ndi Domwe, ndipo ndili wamng'ono ndinali mwana waphokoso. Mwezi ukawala, nyimbo za chitelele ndinkayambitsa ndine ngakhale pabwalo pali atsikana otha msinkhu, mpaka amayi kuchita kundikoka mkono kuti ndikagone. Agogo ankati ndinabadwa ndikuyankhula kale. Ndatchula zimenezi kuti mumudziwe munthu amene anasowa, chifukwa ana anga anakula osamuonapo.

Pa 30 Okutobala 1985 ansembe awiri Achijezwiti, Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa kuno kwathu, ndi Bambo Sílvio Moreira wa ku Portugal, anatengedwa ku Chapotera, kufupi ndi Lifidzi, n'kuphedwa. Ndimakumbukira akuluakulu akunong'onezana kuti ngati zafika popha ansembe, ife olima kachewere ndife yani. Chaka chotsatira, mwezi wa Juni, chisanu cha kuno chili pachimake, anthu amfuti analowa m'mudzi mwathu m'bandakucha. Mbali imene anachokera ndiisiya. Nkhondoyo inali ya Frelimo ndi Renamo, koma m'mudzi mwathu lero muli ana a mbali zonse ziwiri, ndipo timatunga pa mjigo umodzi.

Bambo anandinyamula ndili m'tulo n'kundikankhira pansi pa nkhokwe. Anavula jekete lawo lakuda, lothothoka m'zigongono, limene anabwera nalo kuchokera ku mapulazi a ku Zimbabwe, anandifunditsa, n'kundinong'oneza kuti: "Khala chete mpaka ndibwere." Pansi pa nkhokwe umangoona miyendo. Ndinaona nsapato zikuluzikulu zikudutsa, kenako mapazi a bambo, opanda nsapato, ndi chala chawo chachikulu chija chopindika chimene anadzitema ndi khasu. Ankayenda mokoka miyendo, atasenzetsedwa chimanga chathu chomwe. Ndinali ndi zaka 10. Sindinawaonenso.

Tinathawira ku Malawi, ine, amayi ndi achimwene anga. Amene mumayenda msewu wa Dedza kupita ku Ntcheu mukudziwa kuti m'malo ambiri malire ndi msewu womwewo, uku Mozambique, uko Malawi, chinenero chimodzi, ziwongo zomwezo. Sitinakhale m'kampu. Tinafikira kwa achibale kufupi ndi Lizulu, tikulandira ufa, nandolo ndi mafuta pa khadi. Othawa nkhondo tinapitirira 1 miliyoni m'dziko laling'ono lija. Sukulu ndinayambira komweko, n'chifukwa chake cholembera changa chimathamanga m'Chichewa kuposa m'Chipwitikizi. Aphunzitsi ankandikonda, ankati mwana wosavuta, wosalongolola.

Joaquim Chissano wa Frelimo ndi Afonso Dhlakama wa Renamo atasainirana mtendere ku Roma pa 4 Okutobala 1992, tinadikira kaye kuti tione, n'kubwerera mu 1994 chisankho choyamba chisanachitike. Boma linakhululukira onse amene anachita zoipa pankhondo. Sipanakhale bwalo, sipanakhale komiti yofufuza kuti anapha uje ndani ngati mmene anachitira ku South Africa. Sindikunyoza zimenezo, poti aliyense akanati aloze chala, mwina bwenzi tikuphanabe. Koma dziko lonse likagwirizana kuti nkhani yatha, munthu amene mwa iye siinathe amasowa poyambira.

Msuweni wanga wina, amene anatengedwa ali mnyamata, anabwera atagwirapo mfuti. Asanalowe m'nyumba, akuluakulu ndi sing'anga anapita naye kumtsinje, anamusambitsa mankhwala, zovala za kutchire n'kuziotcha, n'kumuuza kuti abwerere kumudzi osacheuka ndipo za kumeneko asadzazitchulenso. Mwambowo unagwira ntchito yake. Tinadya naye mbale imodzi, anakwatira, palibe anamulozapo chala. Koma mwambo umenewo ndi wa munthu amene wabwera. Nanga amene sanabwere? Bambo analibe mtembo, analibe manda. Amalume atayesa kunena zoti timete maliro, amayi anakana kwamtuwagalu: "Achimwene, ndimete bwanji munthu amene sindinamuone atagona? Akatulukira mawa ndidzamuuza chiyani?" Nkhani inathera pomwepo. Jekete lija analipinda n'kuliika pansi pa sutikesi, ndipo sanakwatiwenso.

Ndinakula, ndinakwatiwa, ndinabereka. Woona kunja sakanadziwa kanthu: munda wolimidwa pa nthawi yake, pakhomo posesedwa, ana osamba. Koma pansi pa bedi panali kamtolo ka kapulana (chitenje), m'katimo machesi, kandulo, mchere, makadi a kusikelo a ana, ndi ndalama pang'ono, makwacha ndi mametikali. Mchere ukanyowa ndinkasintha. Galu akauwa usiku ndinkakhala nditadzuka kale, nditagwira chitseko. Fungo la udzu wopsa, m'mwezi wa Ogasiti anyamata akamasaka mbewa, linkandiumitsa kukhosi. Ana akaseka mokweza kutada, "shii!" ankangotuluka yekha pakamwa panga. Kutchalitchi sindinkajomba, kolona ndinkapemphera tsiku ndi tsiku, koma mawu ankangodutsa pamilomo. Kwaya ndinkaimvera patali.

Mwana wanga wachiwiri atamwalira ndi malungo, amayi anzanga anadzaza m'nyumba ya siwa akulira, ine maso gwa. Pakati pa usiku ndinadzuka kukaona ngati nkhuni zikwanire. Ena anati koma ndiye mayi wolimba mtima, ena ananong'ona zina. Ine ndinkangodabwa kuti chisoni chimene aliyense akuchimvachi chikundilambalala bwanji. Ngati inunso munakhalapo pamaliro a wanu weniweni muli ndwii, mukudziimba mlandu kuti mwina mulibe chikondi, mvetsetsani kuti chikondi chilipo, koma chatsekeredwa limodzi ndi zinazo.

Chakumapeto kwa 2015 ndi kumayambiriro kwa 2016 mfuti zinaliranso ku Nkondezi, m'boma la Moatize, ndipo anthu oposa 10,000 anathawira ku Kapise m'boma la Mwanza, kenako anawasamutsira ku Luwani. M'mudzi mwathu simunalire mfuti ngakhale imodzi. Koma nditangomva pa wailesi kuti amayi akuwoloka malire ndi ana kumbuyo, thupi langa linakana. Tulo tinathawa, mtima thi thi thi ngakhale ndangokhala, nsima osalowa. Tsiku lina njinga yamoto inaphulitsa utsi pamsika wa Domwe, ndipo pozindikira ndinali pansi pa thebulo la wogulitsa tomato, mayi wa zaka 40, anthu atandizinga.

Mnzanga wina ananditengera kwa mneneri amene ankapempherera anthu m'chisakasa. Anandigulitsa botolo la madzi ndi kabotolo ka mafuta, n'kundiuza kuti wandilodza ndi mayi wachikulire wa m'banja mwathu. Mayi wachikulire m'banja mwathu analipo mmodzi yekha, yemwe uja anandiyendetsa usiku wonse mpaka ku Malawi atandigwira dzanja. Ndinanyamuka osatsanzika. Apa ndiye ndikuchenjezeni ndithu: aliyense amene machiritso ake ayambira pa ndalama n'kuthera pokudanitsani ndi mbale wanu, mutalikireni, kaya wanyamula Baibulo kaya nsupa. Munthu wovulala mumtima amakhulupirira msanga, ndipo agogo ambiri apirikitsidwa m'midzi chifukwa cha mawu ngati amenewa.

Amuna anga, ataona kuti ndikutha thupi, anandikweza chapa, minibasi ya kuno, kupita kuchipatala cha ku Ulongwe poganiza kuti ndi BP. Anandiyeza malungo, magazi, BP yomwe, zonse zili bwino. Namwino n'kundilozera khomo lolembedwa Saúde Mental. Ndinachita manyazi, poti kwathu khomo limenelo timati ndi la amisala. M'katimo munali tekiniko wa matenda a maganizo, mnyamata woti n'kukhala mwana wanga, wolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chinyungwe. Sanathamangire kulemba mankhwala. Anandifunsa kuti: "Mayi, mantha amenewa thupi lanu linawamva koyamba liti?" Ndinamuuza za nkhokwe, pang'ono chabe, ndikuyang'ana pansi. Amuna anga amene anali pambali panga anali kuzimva koyamba.

Zimene anandifotokozera ndizilemba mmene ndinazimvera, chifukwa zinandichotsa manyazi. Thupi likaona zoopsa limadzikonzekeretsa kuthawa: mtima umathamanga, mpweya umafupika, minofu imakungika, njala imatha. Zoopsa zikadutsa limayenera kumasuka. Kwa anthu ena silimasuka, makamaka amene anaona zoopsazo ali ana ndipo sanapeze mpata wolira kapena wofotokoza. Limakhala ngati galu amene akuba anamumenyapo, amauwa ngakhale tsamba likagwa. Ndiye fungo, phokoso kapena nkhani ya pa wailesi imalibwezera ku tsiku lomwe lija, ngakhale mutu ukudziwa kuti papita zaka. Si misala, si ufiti, komanso si kuchepa kwa chikhulupiriro.

Anandiphunzitsa zinthu zooneka zachibwana koma zothandiza. Mantha akabwera, ndiponde pansi ndi mapazi onse awiri, ndikoke mpweya pang'onopang'ono n'kuutulutsa motalikirapo kuposa polowetsa, kenako nditchule mokweza zimene ndikuona ndi chaka chimene tili: ichi ndi chitseko changa, uyu ndi mphika wanga, chaka chino ndi 2016. Mankhwala a tulo anandipatsa a kanthawi kochepa, n'kundichenjeza za kachasu ndi mapiritsi ogula pamsika. Ananenetsanso kuti maganizo ofuna kudzichotsera moyo akadzangobwera, ndisadikire tsiku limene analemba pakhadi, ndiuze munthu ndipo ndibwere tsiku lomwelo. Zimenezi ndikuuzaninso inu. Matekiniko oterewa alipo m'zipatala za m'maboma muno mu Mozambique, ndipo ndalama yake siifika ngakhale pa mtengo wa botolo la mneneri lija.

Thupi linayamba kumvera, tulo tinayamba kubwera. Koma m'kati munali zii, ngati kale. Ulendo wina tekiniko uja anandifunsa kuti maliro a bambo anayenda bwanji. Nditamuuza kuti sanachitike, anaika cholembera pansi. "Zimenezo ndiye si za chipatala, mayi. Kakambiraneni ndi akuluakulu kwanu." Ndimamulemekeza mnyamata ameneyo chifukwa anadziwa pamene ntchito yake yalekezera.

Chovuta chinali amayi. Ndinawapeza akusenda nyemba pakhonde, maso atayamba kale kuchita khungu. Sindinatchule mawu oti maliro. Ndinangofunsa kuti: "Amayi, bambo akanakhala moyo bwenzi pano ali ndi zaka zingati?" Anayamba kuwerenga ndi anzawo obadwa nawo, uje anapita, uje anapita, uje tinaika chaka chatha. Anakhala duu nthawi yaitali, manja ali m'lichero. Kenako anati: "Katenge sutikesi ija."

Bambo anali mkamwini, ndipo kwathu maliro a mwamuna ndi a kwawo. Amalume aang'ono, amene tsopano ndiwo eni mbumba, anatenga nkhuku n'kupita kumudzi kwa bambo, mbali ya ku Lifidzi. Kumeneko tinapeza kuti nawonso anakhala zaka zonsezi akudikira ife. Ankaopa kuyambitsa nkhaniyo kuti zingaoneke ngati akuimba mlandu amayi, ife tinkaopa kuti zingaoneke ngati tataya mwana wawo. Mabanja awiri kuopana ulemu kwa zaka zoposa 30! Anyakwawa anapereka malo kumanda. Akatekisiti poyamba anakayika, poti bokosi lopanda munthu sanalionepo, koma bambo mfumu anati Mpingo umapempherera akufa onse, opezeka ndi osapezeka, ndipo anatilembera Misa.

Tinachita titakolola, mu Julayi 2017. Adzukulu anakumba manda enieni, akuya ngati a munthu aliyense. Jekete lija tinalikulunga m'nsalu yoyera. Amayi analigwira komaliza, akusisita m'zigongono mothothoka muja, n'kunena ngati akulankhula ndi munthu amene wachedwa kuchokera kumunda: "Mwatiyendetsatu inu." Usiku wonse amayi a mphakati anaimba m'nyumba ya siwa, ine ndili pakona, maso gwa ngati kale. Ndinayamba kuganiza kuti tavutitsa anthu pachabe.

Kumanda, adzukulu atatsitsa bokosi, azakhali anandigwira pamkono. Ndi mlongo wa bambo, ndipo kwathu azakhali ndi bambo aakazi, akalankhula m'malo mwa mlongo wawo mawuwo amalemera chimodzimodzi. Dzulo lake madzulo ndinali nditawauza za nkhokwe. Anandikokera m'mphepete mwa dzenje n'kukweza mawu kuti onse amve: "Mwanawe, bambo ako anakuuza kuti ukhale chete mpaka abwere. Wamvera, wakwanitsa. Lero abwera kwawo, ndi awa. Tsopano lira."

Mawu amene anatuluka sindinawazindikire kuti ndi anga. Sikunali kulira kwa mayi wamkulu, kunali kukuwa kwa mwana, ndipo kunatenga nthawi. Palibe anandiletsa. Amayi awiri anandigwira m'chiuno kuti ndisagwere m'manda, ena anapitiriza nyimbo. Ndinalira bambo, ndinalira mwana wanga uja wa malungo, ndinaliranso zina zimene sindinkadziwa kuti ndasunga. M'mawa mwake tinameta. Amayi anakhala pamphasa, lezala likudutsa m'mutu mwawo mwa imvi, ndipo masana anadya nsima mitanda iwiri.

Musaganize kuti ndinadzuka m'mawa ndili munthu watsopano. Masabata otsatira ndinali wofooka, wokwiya msanga, misozi ikungobwera ngakhale ndili pa mjigo. Pemphero langa linasintha, ndipo poyamba linandiopsa. Ndinasiya kulankhula ndi Mulungu mwaulemu wa mlendo. Ndinkamufunsa kuti munali kuti m'mawa uja, bwanji munalola mwana wa zaka 10 aone zimenezo. Nditaulula zimenezi, bambo mfumu sanandidzudzule. Anandikumbutsa kuti Yesu analira pamanda a Lazaro ngakhale ankadziwa kuti amuukitsa posachedwa. Kwa ine mapemphero aukali amenewo ndiwo anali oyamba kuchokera pansi pa mtima, ndipo kolona inayamba kukhala ndi kukoma pambuyo pake.

Nyimbo inabwera yokha, tikupukusa chimanga ndi ana. Wina anaimba molakwitsa nyimbo yakale ya chitelele, ine n'kumukonza, n'kupitiriza mpaka kumapeto, mawu onse ndikuwakumbukira. Mwana wanga wamkazi anasiya chisononkho m'manja. "Amayi, kodi mumaimba?" Pano ndili mu kwaya, ndipo amene amayambitsa nyimbo za pamaliro mu mphakati mwathu ndine.

Pali chinthu chimene palibe anandichenjeza. Munthu ukabwerera mwa iwe mwini, si onse amakondwera. Mayi wachete uja anali wosavuta kukhala naye: sankakana ntchito, sankatsutsa pamsonkhano, ankabwereketsa khasu osalilondola. Amene wabwerayu amaseka mokweza, amakangana ndi ogula kachewere akafuna kubera pa sikelo, ndipo alamu ake akalankhula zopanda pake amawayankha. Ena kuchibale anati kuchipatala kuja anandipatsa mankhwala amwano. Amuna anga zinawatengera nthawi, koma tsiku lina anandiuza akuseka kuti zili ngati anakwatira kawiri osalipira kawiri. Komanso sindinabwerere kukhala kamtsikana ka pabwalo kaja. Ameneyo anali asanaone kanthu. Ine ndinaona, ndipo zimene ndinaonazo zimandithandiza kuzindikira mayi mnzanga amene wakhala pamaliro maso ali gwa. Sindimutama. Ndimakhala naye pafupi, ndipo tsiku lina tikakhala awiri ndimamufunsa kumene anali nthawi ya nkhondo.

Mantha sanatheretu. Namondwe Ana atagumula mlatho wa pa Revúbuè mu Januwale 2022, anthu akuthawa madzi, ndinapezeka ndamanganso kamtolo kaja. Kusiyana kwake n'kwakuti ndinadziwa chimene chikuchitika, ndinauza amuna anga, ndinaponda pansi n'kutchula chaka, ndipo mvula itadutsa ndinamasula ndekha, mchere n'kuthira m'ndiwo.

Ngati kwanu kuli munthu amene anatengedwa osabwerera, kapena amene munamusiya m'tchire mukuthawa osamuika, yambani ndi eni mbumba, ndipo musadumphe a kwawo kwa malemuyo. Sipafunika ng'ombe kapena chiliza cha matailosi. Ife tinasonkha chimanga, nyemba ndi mbuzi imodzi, matabwa a bokosi anapereka ndi msuweni uja anasambitsidwa kumtsinje, ndipo kumanda analira kuposa ena tonse. Wokalamba amene akukana musamukakamize, ali ndi chifukwa chake, mufunseni mafunso ndipo mudikire. Kuchipatala pitaninso, chifukwa ine ndikanapanda kuyamba ndagona tulo ndi kudya, sindikanakhala ndi mphamvu zoyendetsa nkhani ya maliro.

Achimwene anga sanabwere kumaliroko. Iwo anali ndi zaka 14 m'mawa uja, ndipo anabisala m'munda wa nthochi, pamene ankaona zonse, osati miyendo yokha. Amakhala ku Moatize, amagwira maganyu a zomangamanga, ndipo ndalama ikapezeka imathera ku mowa. Nditawauza kuti manda a bambo tsopano alipo, anangoti "zamveka" n'kusintha nkhani. Zimene anaona sanauzepo munthu. Ndimawatumizira ufa ndi kachewere pa chapa, ndipo alamu ndinawafotokozera za khomo la Saúde Mental ndi zoyenera kuchita akadzayamba kulankhula zofuna kufa. Tikamaliza kukolola ndipitanso kukawaona, ndipo ndikawafunsanso ngati angalole kuti tipite limodzi ku Lifidzi.